Musatiletse Kukhudza Masetingi

Tchuthi chapitachi nditangofika kwathu kwa Dambe, a malume anga anandiitanitsa ndisanamasule n'komwe chikwama. Iwo amaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kumeneko, ndipo ali ndi laputopu yakale imene anagula kwa munthu wina wochokera ku Joni. Ndinawapeza atakhala pakhonde, dzanja lili patsaya. Mafayilo onse a mu fulashi yawo anali atasowa, kuphatikizapo malikisi a ana a Sitandade 8 a materemu awiri ndi mayeso amene anakonza kuti alembetse sukulu ikatsegulira. Mu fulashimo munangotsala timafayilo tokhala ndi kamuvi pakona. Mnyamata wa pashopu ina yosindikiza mapepala anali atawauza kale kuti mankhwala ake n'kuifomata basi, ndipo anali atatchula mtengo.

"Mphwanga, iwe uli kukoleji, ndipo makompyuta unaphunzira kusekondale. Taona zimenezi."

Ndinakhala pansi, ndinayang'ana sikirini, ndipo sindinadziwe pogwira. Ine amene ndinakhoza Computer Studies pa MSCE, amene ndikanatha kuwauza a malume kusiyana kwa RAM ndi ROM popanda kupuma, ndinalephera kubweza fayilo imodzi. Manyazi anandigwira. Ndinapita kuseri kwa nyumba kumene netiweki imagwirako bwino n'kuimbira mnzanga wa m'kalasi. Iye anandifunsa funso limodzi: kodi ukadina fulashiyo ndi batani lakumanja n'kupita pa Properties, ikuonetsa kuti ilibe kanthu? Ayi, inkaonetsa kuti malo ambiri ndi odzaza. Ndiye kuti mafayilo alimo, anatero, vayirasi yangowabisa. Anandiuza kuti nditsegule File Explorer, ndipite pa View, kenako Options, kenako View inanso, ndisankhe mzere wonena kuti mafayilo obisika aoneke, ndiponso ndichotse kachizindikiro pa mzere wakuti Hide protected operating system files. Windows inandichenjeza, ndinavomera, ndipo mafoda onse a malume anatulukira, otuwa ngati akuonekera mu utsi. Tinawakopera mu laputopu. Zonsezi sizinathe mphindi khumi.

Chimene chinatsala pang'ono kufufuta ntchito ya materemu awiri sichinali vayirasi yokha. Anali mabokosi awiri ang'onoang'ono, okwiriridwa pansi pa mawindo atatu, amene palibe aliyense mwa ife anaphunzitsidwa kuti alipo. Ndipo chifukwa chimene sitinaphunzitsidwire ndikuchidziwa bwino, pakuti ndinachiona chitamatidwa pakhoma zaka zinayi. M'chipinda cha makompyuta cha kusekondale kwathu munali pepala lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti wophunzira asasinthe chilichonse. Wopezeka atatsegula Control Panel ankatulutsidwa. Tinaphunzira kulemba kalata, kupendeketsa zilembo, kuphatikiza manambala mu Excel, koma mawu akuti Options ndi Settings tinkawalambalala ngati manda. Ine ndikuti lamulo limeneli, m'mene limaperekedwera, likutulutsa aphunzitsi oopa chida chimene adzakhale nacho okha kumudzi, ndipo ife a maphunziro a uphunzitsi tiyenera kukhala oyamba kulikana.

Pulogalamu iliyonse imafika wina atatisankhira kale zinthu zambiri. Munthu ameneyo sanafikepo ku Mchinji. Microsoft ili ku Redmond, m'chigawo cha Washington ku America, ndipo laputopu zambiri zimene timagula kapena kupatsidwa zimabwera zitaikidwa kuti mwini wake ali ku United States. Choncho Word imayamba ndi pepala la Letter, lomwe ndi masentimita 21.59 m'lifupi ndi 27.94 m'litali, pamene pepala limene timagula m'mashopu athu ndi A4, la masentimita 21 ndi 29.7. Kusiyanako kumaoneka kochepa, koma ndi kumene kumachititsa kuti asayimenti imene munaikonza bwino ituluke papulinta ili ndi malo aakulu opanda kanthu kumunsi, kapena tebulo litadumphira tsamba lina. Ambiri timangonena kuti pulinta ya pamalopo ndi yoipa. Komatu mukapita pa Layout, n'kutsegula kawindo ka Page Setup, n'kusankha A4 pa Paper, pansi pake pali batani lakuti Set As Default, ndipo mukalidina kamodzi nkhaniyo yatha mpaka kalekale.

Excel ndiye ili ndi makani ake. Mphunzitsi akalemba kuti mwana wapeza 7/10, pulogalamuyi imaganiza kuti akunena tsiku. Ngati kompyutayo inaikidwa Chimereka, imalemba 10-Jul, chifukwa iwo amayamba ndi mwezi. Ngati inaikidwa Chingelezi cha ku Britain, imalemba 07-Oct. Mulimonsemo malikisi a mwana asanduka kalendala. Mukalemba nambala ya foni ya kholo, ziro woyamba uja amachoka. Ndinaonapo mphunzitsi wina akulimbana ndi zimenezi, akufufuta n'kulembanso kasanu konse, kenako n'kunena kuti kompyuta yake ili ndi ziwanda, n'kubwerera ku kope ndi bolopeni. Chimene ankafunika kudziwa n'chakuti asanalembe, asankhe mzere wonsewo, adine Format Cells, asankhe Text. Ndipo pa nkhani ya masiku, Settings ya Windows ili ndi gawo la Time & language, m'mene muli Region, ndipo m'menemo mukhoza kuuza kompyuta kuti tsiku lizibwera mwezi usanabwere, monga timalembera kuno.

Musaganize kuti zimenezi zimangogwetsa ife akumudzi. Mu 2016 akatswiri ena ku Australia anafufuza zolemba za sayansi zimene zinali ndi mindandanda ya majini mu Excel, ndipo anapeza kuti pafupifupi chimodzi mwa zisanu zilizonse chinali ndi mayina amene Excel inawaononga. Jini yotchedwa SEPT1 inkasanduka tsiku la mu September, MARCH1 inkasanduka tsiku la mu March. Vutoli linakula moti mu 2020 komiti imene imapereka mayina a majini a munthu inalengeza kuti yasintha mayina 27, ndipo SEPT1 inakhala SEPTIN1, MARCH1 inakhala MARCHF1. Taganizani, asayansi a dziko lonse anagonjera pulogalamu n'kusintha mayina awo. Microsoft inadzaika njira yozimitsira khalidwe lina lotere mu 2023, ndipo inaiika kuti? Pa File, kenako Options, kenako Data, pansi pa mutu wakuti Automatic Data Conversion, malo amene munthu woopa kukhudza sadzafikako.

Chimene chimandipweteka kwambiri ine ndi m'mene Word imachitira ndi chilankhulo chathu. Lembani ndime imodzi ya Chichewa, ndipo tsamba lonse limafiira ndi timizere tokhotakhota, ngati kope limene mphunzitsi wankhanza walichonga. Word ilibe dikishonale ya Chichewa, ndiye mawu alionse amene siikuwadziwa imawayesa Chingelezi cholakwika. Ife akuluakulu timangozolowera. Koma mwana wa Fomu 1 amene akugwira kompyuta koyamba, n'kulemba dzina la mudzi wake, makina n'kumuuza kuti walakwa, akuphunzirapo chiyani? Palibe amene amamuuza kuti makinawo ndi amene sakudziwa. Kuzimitsa zimenezi n'kosavuta: sankhani zolemba zonse, pitani pa Review, Language, Set Proofing Language, ndipo chongani bokosi lonena kuti isayang'ane masipelo ndi galamala. Amene amalemba zilankhulo ziwiri m'pepala limodzi akhoza kusankha ndime za Chichewa zokha n'kuchita chimodzimodzi, Chingelezi chizichongedwabe.

Palinso china choseketsa, ngakhale a malume sanaseke. Mnzawo wophunzitsa Sitandade 1 anawapempha kuti amulembere malembo a liwu pamapepala oti amate pakhoma. Iwo akalemba a, e, i, o, u, Word inkasintha a woyamba kukhala wamkulu, ndipo i nayenso ankasanduka I, chifukwa m'Chingelezi chilembo chimenechi chikakhala pachokha chimatanthauza "ine" ndipo chimalembedwa chachikulu. Makina ankaumirira kuphunzitsa ana a kwa Dambe galamala ya ku London. Zimenezi zimakhala mu File, Options, Proofing, AutoCorrect Options. M'menemo muli mndandanda wa mawu amene Word imasintha yokha, ndipo mukhoza kufufutamo alionse, kapena kuikamo anu. Ine ndinaikamo chidule cha dzina lalitali la kosi yanga kuti ndisamalilembe lonse pa asayimenti iliyonse.

Nanga chilembo cha ŵ, chija cha m'dzina lakuti Malaŵi? Ambiri sitichilembanso, koma chikupezekabe m'mabuku ena a Chichewa, ndipo anzathu olemba Chitumbuka amachifuna pafupifupi mzere uliwonse. Pa kiyibodi palibe, ndiye anthu amaganiza kuti kompyuta siingachilembe. Mu Word, lembani 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, manambalawo asanduka ŵ. Chachikulu chake ndi 0174. Chenjezo lokha n'lakuti manambalawo muwalembe patali ndi zilembo zina, chifukwa akagundana ndi a kapena e Word imawerenga chilembocho ngati gawo la nambala n'kutulutsa zina. Njira yokhalitsa ndi kupita pa Insert, Symbol, More Symbols, kuchipeza chilembocho, n'kuchipatsa mabatani achidule anuanu pa Shortcut Key.

Zina ziwiri ndizitchule mwachangu, chifukwa zimakhudza thumba ndi mtima. Tonse tikudziwa kulira kwa m'hositelo magetsi akazima munthu ali pa tsamba lachisanu ndi chitatu, laputopu yake batire inafa kalekale. Word imasunga yokha kope lopulumutsira mphindi 10 zilizonse, ndipo nambala imeneyi ili pa File, Options, Save. Kwa munthu wa ku Redmond mphindi 10 n'zokwanira. Kwa ife ikani 2, ngakhale izi sizikuchotsa udindo wodina Ctrl ndi S pafupipafupi. Chachiwiri ndi bandulo. Mukalumikiza laputopu ku intaneti ya pafoni, Windows imayesa kuti yapeza Wi-Fi yaulere n'kuyamba kukoka zinthu zake zatsopano, ndipo bandulo ya sabata imatha musanatsegule imelo. Mu Settings, pa Network & Internet, mukatsegula netiweki ya foni yanuyo pali kabatani ka Metered connection. Mukakayatsa, Windows imadziwa kuti mukulipira deta ndipo imadziletsa pa zambiri. Mawu akuti metered amenewa ine ndinali nditawaona kambirimbiri osadziwa kuti akunena za ndalama zanga.

Jared Spool, katswiri wa ku America wofufuza m'mene anthu amagwiritsira ntchito mapulogalamu, analemba mu 2011 kuti gulu lake linapempha anthu mazana angapo kuti atumize masetingi awo a Word, ndipo osakwana 5 mwa anthu 100 alionse ndi amene anali atasinthapo kanthu. Ena onse anasiya zonse m'mene zinabwerera, poganiza kuti opanga pulogalamuyo anali ndi chifukwa chabwino. Ngati zili choncho kwa anthu amene pulogalamuyo inapangidwira iwo, pepala ndi lawo, tsiku ndi lawo, chilankhulo ndi chawo, kusasintha sikuwapweteka kwambiri. Kwa ife kusasintha n'kuvala nsapato ya munthu wina tsiku lililonse n'kumadabwa kuti matuza akuchokera kuti.

Makampaniwa ali ndi mbali yawo pa mlanduwu. Ndikumvetsa kuti sangaike mabatani onse poyera, sikirini ingadzaze. Koma zina zimene anasankha kubisa zapweteka anthu ambiri. Windows imabisa mathero a dzina la fayilo, monga .docx, .pdf kapena .exe, ngati simunaiuze kuti iwaonetse. Mu May 2000 vayirasi yotchedwa ILOVEYOU, yochokera ku Philippines, inafalikira makompyuta mamiliyoni padziko lonse pogwiritsa ntchito mpata womwewu. Fayilo yake inkathera ndi .TXT.vbs, koma Windows inkabisa .vbs, anthu n'kumaona ngati ndi kalata wamba, pamene inali pulogalamu. Papita zaka zoposa 20, ndipo mathero a mayina akubisidwabe pa kompyuta yatsopano. Mu File Explorer, pa View, pali bokosi la File name extensions. Ndikanakonda kuti lichongedwe pa kompyuta iliyonse ya pakoleji pano, chifukwa fulashi zathu zimayenda kuposa eni ake.

Tsopano ndiwamvere amene anamata pepala lija pakhoma, chifukwa sanali opusa. Chipinda chimodzi, makompyuta ochepa, ophunzira mazana, woyang'anira mmodzi. Ndikukumbukira mnyamata wina amene anatembenuza sikirini kuti iziona chadodolido, n'kuchoka, ndipo kalasi yotsatira inataya theka la piriyodi. Wina anaika pasiwedi n'kuiiwala. Kompyuta ikafa pasukulu ya mishoni, ndalama yokonzera imachokera ku fizi ya makolo athu, ndipo wokonza amachokera kutali. Munthu amene ali ndi udindo wotere akanena kuti musakhudze, akuteteza chinthu chenicheni. Ndiponso pali malo ena m'kompyuta amene ngakhale ine sindingalole mwana wa Fomu 2 kulowamo yekha. Registry ya Windows ndi imodzi, chifukwa kusintha nambala yolakwika m'menemo kukhoza kuchititsa kuti kompyuta isayakenso bwino. Tsamba la about:config mu Firefox nalonso limayamba ndi chenjezo musanalowe, ndipo chenjezolo si lamasewera.

Koma yankho la mavuto amenewa linapezeka kale, ndipo nalonso ndi setingi. Windows imalola kuti pakhale akaunti ya woyang'anira, yokhala ndi pasiwedi, ndi akaunti wamba ya ophunzira. Munthu wa pa akaunti wamba sangasinthe zinthu zokhudza kompyuta yonse popanda pasiwedi ya woyang'anira, koma akhoza kusintha pepala la Word, AutoCorrect, chilankhulo, ndi m'mene mafayilo akuonekera, ndipo zimenezi zimakhala pa akaunti yomweyo. Sukulu imene yakonza zimenezi siifunikanso pepala pakhoma. Lamulo loletsa zonse nthawi zambiri limasonyeza kuti aliyense akulowa pa akaunti imodzi ya woyang'anira, ndiye kuti woyang'anirayo nayenso sanatsegulepo Settings mokwanira. Mantha ake anapatsira ife, ndipo tikapanda kusamala tidzapatsira ana amene tikukonzekera kuwaphunzitsa.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a uphunzitsi kuposa a bizinesi kapena a zaulimi, pa chifukwa chimodzi. Ambiri mwa iwo adzagwira ntchito pamalo pamene pali munthu wa makompyuta woti amuitane. Ife ambiri adzatitumiza kumasukulu onga a kwathu, kumene mphunzitsi amene ali ndi laputopu ndiye katswiri wa dera lonse, afune asafune. Kuchokera kwa Dambe, wodziwa kukonza ali kuboma ku Mchinji, apo ayi ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera pabomapo. Palibe amene angakwere minibasi ulendo wonsewo chifukwa choti Excel yasintha malikisi kukhala October. Adzangosiya kompyutayo m'kabati ya ahedi, itafunditsidwa nsalu, ndipo anthu adzati zipangizo zamakono sizigwira kumudzi.

Chimene ndikupempha kwa aphunzitsi athu si kosi yatsopano, pakuti tili nazo kale zokwanira. Ndikupempha masana amodzi pa semesita. Mutenge makompyuta angapo, muwasokoneze dala, wina pepala likhale Letter, wina mafayilo abisike, wina kiyibodi izilemba @ pamalo pa zizindikiro zogwira mawu, ndipo mutipatse awiriawiri kuti tipeze pamene pavuta. Mutiphunzitse zizolowezi zitatu zokha zimene mnzanga uja anandiphunzitsa pafoni: kulemba papepala m'mene chinthu chinalili usanachisinthe, kusintha chinthu chimodzi pa nthawi n'kuona zotsatira, ndi kugwiritsa ntchito kabokosi kofufuzira. Settings ya Windows ili nako pamwamba, ndipo Office kuyambira ya 2016 ili nako, kamene kamatseguka mukadina Alt ndi Q. Vuto lake n'lakuti kabokosiko kamafuna kuti udziwe mawu a Chingelezi a chinthu chimene ukufuna. Munthu sangafufuze metered ngati m'mutu mwake muli mawu akuti bandulo ikutha. Apa ndi pamene ife tingathandize. Gulu la ophunzira ochepa likhoza kulemba tsamba limodzi, kumanzere vuto m'Chichewa monga momwe mphunzitsi angalinenere, kumanja njira yodutsa mpaka pa bokosi loyenera, n'kulisindikiza kuti aliyense wopita kokayeserera kuphunzitsa anyamule. Amene amagwiritsa ntchito LibreOffice, yomwe ndi yaulere, awonjezerepo zawo, chifukwa kumeneko khomo lake ndi Tools kenako Options.

Anzanga ena andiuza kuti zonsezi n'zachikale, dziko lapita pafoni. Zoona, zambiri timachitira pafoni. Koma mayeso a teremu, mndandanda wa malikisi, masikimu ndi makalata opita kwa alangizi a zamaphunziro zikulembedwabe pa laputopu, ndipo laputopu zimene zikufika kumidzi ndi zakale zomwezi, zobwera ndi masetingi a eni ake oyamba. Ya a malume inali ndi wotchi ya ku Johannesburg, zomwe sizinavute chifukwa nthawi yathu ndi imodzi, koma pepala linali Letter ndipo tsiku linkayamba ndi mwezi.

Madzulo a tsiku lija tinakhala pakhonde mpaka batire itatsala pang'ono kutha. A malume anatenga kope lawo lachikuto cholimba n'kumalemba njira iliyonse kumapeto kwake, mzere ndi mzere, akundiuza kuti ndibwereze pamene ndathamanga. Fulashi ija tinaifomata ndithu, koma mafayilo atasamutsidwa kale. Nditawafunsa kumene inatengera vayirasiyo, anati imangopita malo amodzi, kokasindikiza mayeso. Tinagwirizana kuti agule ina yaying'ono yongopita kushopuko, muzikhala mapepala a tsikulo okha, ndipo ikabwerako asadine kafayilo kalikonse kokhala ndi kamuvi. Lolemba lotsatira kunabwera mayi wina wophunzitsa pasukulu yoyandikana nayo, atapalasa njinga, fulashi yake ili m'kachikwama ka ndalama. Ine ndinali kumunda kukakumba mtedza. Nditabwerako ndinapeza a malume atatsegula kope lija patebulo, chala chili pa mzere wachitatu, akuwaonetsa mayiwo pamene pali bokosi lachiwiri.